Makina Osokera a mu Tepi ya Ukwati

Zaka zitatu zathunthu chikwatiwire mwana wawo, Mayi Tsitsani anali asanaonebe vidiyo ya ukwatiwo, ndipo wowachedwetsa anali mkamwini wawo yemwe, munthu amene amadyera kukonza mavidiyo a anthu ena. Dzina la Tsitsani anawapatsa ndi amalonda a pamsika, poti mayiwa sanagulepo ngakhale singano pa mtengo woyamba. Masana amenewo anakankha chitseko cha kashopu ka mkamwiniyo osaodira, nadzigwetsa pampando wa makasitomala.

"Akamwini, ndabwera kudzatenga changa."

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndiswera ndikaona vidiyo. Zaka zitatu! Mwana munabereka uja akuthamanga, wayamba kale kutukwana, koma katepi kamodzi kakukanikani kulowetsa m'chibokosi chanuchi."

"Ndi kompyuta, amayi."

"Ndikuiona, si mbuzi. Tamverani. Amayi anu akuyenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti makina osokera amene mwana wanga akudyera aja anagula ndi iwo. Ndawaitana asewere angawo. Folo koloko afika pompano. Adzaone ndi maso awo kuti analowa nawo ndani makinawo muholo, atasenza pamutu."

Mkamwini anayang'ana wotchi ya pakhoma, nayang'ana apongozi ake.

"Mukufuna vidiyo yonse?"

"Yonse! Osasiyako ngakhale chitsokomolo."

Mnyamatayo anatsegula kabati, natulutsa kamera yakale ija yonga njerwa, naipukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Analowetsamo katepi, nalumikiza chingwe kuchokera ku kamera kukafika kumbuyo kwa kompyuta. Zonsezi ankachita ngati akusambitsa khanda.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Ola limodzi."

"Tsitsani."

"Sizitsika, amayi."

"Chilichonse chimatsika. Mphindi makumi awiri."

"Tepiyi ndi ya ola limodzi. Kamera ikamaonetsa, kompyuta imalemba pa liwiro lomwelo. Iyenera kuonera ukwati wonse."

"Ionere ukwati? Anaiitana ndani? Khadi ili nayo?"

"Ilibe."

"Theka la ola, ndipo sindionjezera."

"Mukhoza osaonjezera, komabe ndi ola."

Mayi Tsitsani anadzuka, nakoleka chikwama paphewa. Njira imeneyi sinawalepherepo pamsika.

"Basi, ndikupita kwa wina."

"Muyende bwino, amayi."

Anafika pakhomo, naima. Anakonza mpango. Anatsokomola. Wogulitsa nsapato akadawathamangira kale, koma muno munthu anali duu, chibokosi nacho duu. Anabwerera pampando mapazi akugunda pansi.

"Yambani. Koma mudziwe kuti mwandidulitsa."

Mkamwini anadina kabatani kofiira pasikirini, tepi niyamba kulira chapansipansi. Panaoneka mipando yopanda anthu. Kenaka denga. Kenaka nsapato ziwiri zakuda, imodzi yong'ambika kutsogolo.

"Ichi n'chiyani?"

"Nsapato za amalume anga. Ndi amene ankajambula."

"Ukwati unali wa nsapato?"

"Ayi, unali wathu."

"Ndikudziwa, ndinalipo! Mtundu wanu wonse ndi umodzi. Munthu kumupatsa kamera, iye n'kumajambula umphawi wake."

Nsapato zija zinayendayenda mphindi khumi ndi zisanu. Foni ya mkamwini inalira, ndipo anatuluka panja kukayankha atanena kuti, "Musakhudze kalikonse." Mayi Tsitsani anayang'ana wotchi, nayang'ana kamera. Panali kabatani ka mivi iwiri yoloza kutsogolo. Ngakhale munthu wosiyira sukulu panjira muvi amaudziwa. Anadina.

Mkamwini pobwera anapeza akwati akuthamanga muholo ngati aba kanthu, abusa akugwedeza mutu ngati nkhuku yojompha, anthu akukhala n'kudzuka, kukhala n'kudzuka.

"Amayi, mwachita chiyani?"

"Ndaikankha. Mwaona? Yatsika! Inu mumangoinyengerera."

"Tiyambiranso."

"Kuyambiranso pati?"

"Pa nsapato."

"Iii! Nsapato zomwe zija? Si yaziona kale?"

"Yaziona, koma zotsatirazo yalemba zothamanga, mawunso mulibe. Munati yonse."

"Ndiye chibokosi chanuchi n'chopusa kuposa mwini wake."

"Mwini wake ndine, amayi."

"Ndanena ndikudziwa."

Anabweza tepi, nayambiranso. Mipando. Denga. Nsapato. Mayi Tsitsani anapirira mpaka akwati kulowa, anapirira ulaliki, anapirira mawu a atsibweni ena a mkwati amene anayambira kufotokoza za kubadwa kwawo. Wotchi inadutsa fili koloko. Maso awo anatera pa chingwe chija, chogona patebulo chopindikapindika.

"Anthuwa akudutsa m'kachingwe aka?"

"Zithunzi zawo, eya."

"N'chifukwa chake! Amayi anu ndi thupi lija angadutse msanga apa? Atsekereza njira."

"Sizitengera thupi."

"Inu madzi munakokapo mumgolo ndi paipi? Mgolo umakhala pamwamba, ndowa pansi. Inu mwaika zonse pamodzi, ndiye zitsetsereka bwanji?"

Asanayankhidwe, ananyamula kamera ija m'mwamba ndi manja awiri, naigwedeza pang'ono kuti zotsalira zitsike. Chingwe chinati phwa, kuzuka. Sikirini inada bii.

Mkamwini anayang'ana chingwe chili lende, napuma kamodzi.

"Tiyambiranso."

"Mukangonena kuti nsapato, ndikuvulirani yangayi."

Mnyamatayo anatola chingwe chija, nachiika patebulo. Wotchi inali itadutsa hafu pasiti fili. Mayi Tsitsani anawerenga pa zala, naona kuti ola silikwananso.

"Akamwini, tandiuzani. Sizingatheke kuthamangitsa tepiyi mpaka pa makina, n'kulowetsa pokhapo?"

"Zimatheka."

"Zimatheka?"

"Mphindi zitatu basi."

"Nanga chikhalireni pano ndikuonerera nsapato za amalume anu, bwanji osanena?"

"Munati yonse. Osasiyako ngakhale chitsokomolo."

"Mwana wanga anakuonani chiyani inu? Ndinamuuza ine, munthu wosita mpango wa m'thumba ngwosadalirika. Fikani pa makina!"

"Amayi, mukutsimikiza?"

"Mukundifunsa ngati ndikugula chiyani? Dinani!"

Tepi inalira fwiii, niima. Mkamwini analumikizanso chingwe, nadina kofiira kaja. Pasikirini panaoneka khomo la holo, ndipo pambali pake makina osokera atsopano, atamangidwa riboni. Kenaka panatulukira mayi wa mpango wagolide.

"Ndine uyo! Mwaona mpangowo? Amayi anu anavala chinsalu chonga katani ya m'basi. Kwezani mawu, anthu amve mmene anandiombera m'manja."

Mkamwini anakweza. M'sipika munatuluka mawu a Mayi Tsitsani eni ake, omveka ngati ali m'khutu:

"Achemwali, tagwirani chikwamachi. Asewere asiya makina awo apa, apita kukafuna anyamata onyamula. Nditwikeni msanga asanabwere. Wa kamera ali kuti? Eya, ayang'ane kuno. Anthu amakumbuka wonyamula, wogula samudziwa."

Pasikirini mayi wa mpango wagolide anasenza makina, nalowa muholo akuvina, anthu akuimba nthungululu. Mayi Tsitsani analoza kamera ija.

"Chinthuchi chimamva?"

"Chili ndi maikolofoni."

"Ntchito yake ndi kujambula! Chimvetseranji zokamba eni ake? Miseche basi, ngati ambuyake."

"Amalume anaima kumbuyo kwanu."

"Nthawi yonse ija ankajambula nsapato, nzeru n'kuwabwerera pa ine? Zimitsani! Ayi, dikirani. Mizere iwiri iyi pansipa ndi ya chiyani?"

"Wapamwamba ndi zithunzi, wapansi ndi mawu."

Nkhope ya Mayi Tsitsani inawala ngati apeza wogulitsa wosadziwa kuwerenga.

"Aaa, bambo anga, mwana wophunzira! Ndimawauza anthu ine kuti mkamwini wanga ndi mutu. Wapansiwo chotsani, muikepo kanyimbo."

"Zitheka. Koma pa tepi mawuwo atsalabe."

"Atsala bwanji? Si mwasamutsa?"

"Takopera. Tsopano ali kuwiri, mu tepi ndi mu kompyuta."

"Ndabwera ndi vuto limodzi, inu mwandiberekera mapasa!"

"Komanso kamera ndi tepi ndi za amayi anga. Anati lero azitenga, akaonere pa TV kunyumba."

"Muwauze kuti mawu anadyedwa ndi chinyezi."

"Sanadyedwe."

"Ndikudziwa kuti sanadyedwe! Akakufunsani kuti mawu apita kuti, munena chiyani?"

"Kuti ndachotsa."

"Akati chifukwa chiyani?"

"Kuti munandituma."

Mayi Tsitsani anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka china chake chinawalowa m'mutu, ndipo anatsitsa mawu.

"Akamwini. Simunadabwe. Mawu aja atatuluka, nkhope yanu sinasunthe."

"Ndinawamva kale."

"Liti?"

"Sabata ya ukwati yomweyo. Ndinalowetsa yonse, n'kumva, n'kufufuta, tepi n'kuitsekera m'kabati."

"Ndiye zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikukutukwanani kumsika, kuchipatala, pamaso pa mkazi wanu, inu osandiuza?"

"Munkafunsa kuti vidiyo ili kuti. Simunafunse kuti muli chiyani."

Kunja kunamveka hutala ya minibasi. Mayi Tsitsani anasuzumira pazenera. Kutsidya kwa msewu asewere awo anali atatsika, ambulera m'manja, akudikira kuti magalimoto adutse, nkhope yonga ya munthu amene wasunga lisiti.

Mayiwa sanataye nthawi. Chingwe chija anachizula okha. Anabaya mabatani onse a kamera mpaka kachitseko kanatseguka, natola katepi, nakalowetsa m'bulauzi, nakhala pampando manja atapinda pachifuwa.

"Za m'chibokosizo fufutani."

"Ndafufuta."

"Akalowa, muwauze kuti ntchito sinathe."

"Sinathedi. Munati yonse, ndipo yonse sitinalowetse."

"Mwaona, choonadi chokhachokha. Akafunsa tepi?"

"Ndinena kuti ili m'bulauzi mwanu."

"Nenani. Tione ngati alowetsemo dzanja. Akafunsa kuti ntchitoyi imatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Ola limodzi."

"Kwezani."

"Amayi?"

"Ndati kwezani! Ola limodzi, ntchito yosamala ngati imeneyi? Mukufuna kuononga ukwati wa mwana wanga ndi phuma?"

"Koma munabwera kudzatenga chanu."

Pakhomo panamveka odi. Mayi Tsitsani anakonza mpango, nasindikiza katepi kaja ndi chigongono.

"Changacho sindikuchifuna. Zaka zina zitatu, akamwini, ndipo sinditsitsa."