Ndinaphimba Dzina la Nduna ndi Chala

Okondedwa anga mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga izi, kulikonse kumene muli. Ine ndine NyaLongwe. Kwathu ndi ku Nkhata Bay, koma zaka zanga zonse za ntchito ndakhala ku Mzuzu. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ntchito yanga, pamodzi ndi nyumba imene ndinkagonamo ndi ana anga, zinadalira mayeso amodzi, ndi mmene Mulungu anandipulumutsira kudzera mwa munthu amene mzinda wonse unkamuthawa.

Anali masiku a chipani chimodzi, chakumapeto kwake, ngakhale ife sitinkadziwa kuti ndi kumapeto. Mwamuna wanga anali atamwalira, ndipo ine ndinkayang'anira ofesi ya zachuma pakampani ina mumzindamo. Kenaka kunabwera akunja amene ankathandiza kampaniyo, n'kunena kuti mpando ngati wangawo ukufunika munthu wa digiri yachiwiri, ya kayendetsedwe ka bizinesi. Ine ndinali ndi yoyamba yokha. Bwana wamkulu anandiitana n'kundiuza mosapsatira. Ndikakhoza mayeso olowera, akunjawo andilipirira sukulu kunja ndipo mpando undidikira. Ndikalephera, mpando upita kwa wina, ndipo nyumba ya kampani imatsata mpando. Mwayi wolemba unali umodzi basi.

Mayeso ake anali a mtundu umene ndinali ndisanauonepo. Funso lililonse linali ndi mayankho asanu, iwe n'kusankhapo limodzi, kudetsa kabokosi kake ndi pensulo, nthawi ikukuthawa. Mbali imodzi inali masamu, opanda makina owerengera. Imeneyo sinandiopse kwenikweni, chifukwa ine ndi manambala tinagwirizana ndili kupulayimale. Chimene chinandidwalitsa ndi mbali ya kaganizidwe. Amakupatsa mawu a munthu amene akutsimikiza chinthu, n'kukufunsa kuti mwa mfundo zisanuzi ndi iti imene ikufooketsa zonena zakezo. Akunja aja anandisiyira buku loyeserera, lolemera ngati njerwa, mayankho ake ali kumapeto. Ndikaweruka ndinkakhala nalo pakhonde mpaka kuzizira kwa Mzuzu kundilowetse m'nyumba, koma ndikatsegula kumapeto kuja mtima unkangoti myuu. Mafunso ena ndinkakhoza bwinobwino, ena ofanana nawo ndinkagwa, ndipo sindinkaona kusiyana kwake.

Ndinayamba kuonda. Masiketi anayamba kutembenuka okha m'chiuno. Mayi anga kumudzi anali atalengeza kale kuti mwana wawo akukwera ndege, pakuti Atonga ife nkhani ya sukulu sitiigoneka m'kamwa. Ana anga ankakangana za zimene ndidzawabweretsere. Panthawi yomweyo ine ndinali nditapita kale mwakachetechete ku Mzilawaingwe kukafunsa zipinda za lendi, n'kuima pakhomo pa kachipinda kamodzi ndikudzifunsa kuti mabedi ndidzawaika bwanji. Ndinkachita mantha, abale, mantha enieni. Pemphero langa linafupika n'kukhala lamwano pang'ono: Ambuye, mutu uwu munandipatsa ndinu, nanga wathera pati? Nditumizireni munthu wondionetsa pamene ndikulakwa.

M'tchalitchi mwathu munali bambo wina, a Ziba, amene kale ankaphunzitsa masamu kusekondale. Tonse tinkadziwa nkhani yawo ngakhale palibe amene ankaikamba mokweza. Pamsonkhano wina mkulu wina anawerenga chiwerengero cha ana okhoza mayeso, ndipo a Ziba anakweza dzanja n'kufunsa kuti zatheka bwanji okhoza kuchuluka kuposa amene analemba. Sabata isanathe anatengedwa n'kukatsekeredwa m'ndende. Anabwerako patapita zaka, tsitsi litayera, miyendo itatupa. Ankakhala kwa mchemwali wawo ku Mchengautuwa. Akalowa m'tchalitchi, benchi limene akhalapo linkakhala lawo okha, mpaka miyendo inakana ndipo anasiya kubwera.

Amayi a mpingo tinali ndi mwambo wogawana odwala oti tizikawazonda. Tsiku limene dzina la a Ziba linatchulidwa, mayi aliyense anapeza chowerenga m'buku la nyimbo. Mtsogoleri wathu anayendetsa maso, ndipo anaima pa ine, ati chifukwa Loweruka ndimaweruka masana. Nthawi imeneyo n'kuti pempho langa la pasipoti lili m'manja mwa boma, ndipo aliyense ankadziwa kuti dzina lako likangomveka pamodzi ndi la munthu wochokera kundende, pasipoti situlukanso. Koma kukana wodwala m'nyumba ya Mulungu ndinalephera. Njira yonse ya ku Mchengautuwa ndinkadandaula mumtima kuti ndinapempha thandizo, koma ndapatsidwa tsoka lina.

Kunali kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu. Ndinawapeza atakhala pampando, miyendo itasanjikidwa pa kampando kena, atafunda bulangete.

"Monire mama," anatero. "Simunasochere?"

Ndinawatsimikizira kuti ndabwera kwa iwo. Ndinawerenga mawu, n'kupemphera mothamanga ngati ndasiya mwana yekha pakhomo. Pobweza Baibulo m'chikwama, buku loyeserera lija linaonekera, chifukwa ndinkayenda nalo paliponse. A Ziba analipempha. Ndinaona nkhope ya munthu wodwala ikusintha pamene ankatembenuza masamba. Anandifunsa za mayesowo, ine n'kupezeka ndawakhuthulira zonse, za mpando, za nyumba, za ana. Kenaka anandibwezera bukulo n'kundiuza kuti ndiwerenge mokweza funso limodzi mwa amene anandigwetsa.

Funsolo linkati nduna ya dziko lina yanena kuti chiikireni magetsi m'misewu ya mzinda, milandu ya kuba yofika kupolisi yachepa, choncho magetsiwo ndiwo athetsa kuba. Ine ndinasankha yankho lonena kuti magetsi ena ankachedwa kuyaka madzulo. A Ziba anayamba kundifunsa za kwathu kunyanja, za mtengo wa usipa, mpaka ndinaganiza kuti ndende inawasokoneza. Ndiye anati ndiyerekeze kuti wogulitsa usipa pamsika akundiuza kuti chiyambireni kuvala chipewa chofiira usipa wake ukutha msanga, choncho chipewa ndicho chikugulitsa. Ndinaseka koyamba m'masabata ambiri. Ndinati ndingamufunse kaye ngati anzake akubwerabe, mwina msewu wa kunyanja waduka ndipo watsala yekha ndi usipa pamsika ponse.

"Ndi funso lomwe lija, mama," anatero. "Apa mwayankha ndisanamalize n'komwe. Koma pa nduna paja munatsitsa mawu, ndipo munayang'ana pazenera kawiri."

Ndinabwerera pa tsamba lija. Yankho linali pomwepo, poyera: chaka chomwecho polisi inasamukira kutali ndipo anthu anasiya kukanena akaberedwa. Ndinali nditaliwerenga kangapo konse, koma maso anga ankalilumpha.

"Mutu wanu uli bwino chomene," anapitiriza a Ziba. "Koma wolankhula akakhala nduna, kaya meya, kaya mkulu wa kampani, mumayamba kumufunira njira yoti akhale wolondola."

Ndinalira, abale, pamaso pa munthu amene ndinabwera kudzamutonthoza. Zinali zoona. Tonse tinaleredwa motero. Pamisonkhano tinkagwedeza mutu wamkulu asanamalize kulankhula, ndipo khalidwe limenelo ndilo linkatisunga ndi ana athu. Sindinadziwe kuti linali litalowa mpaka m'dzanja logwira pensulo. A Ziba anadikira kuti ndipukute misozi, n'kundiuza kuti ndizichita chinthu chimodzi chophweka. Ndikafika pa funso lotere, ndiike chala chachikulu pa dzina la wolankhula ndisanawerenge zonena zake. Anati pakatsala mawu okha, ndiwaweruze ngati mawu, chifukwa mawu okha sabwera ndi galimoto pakhomo pa munthu.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinali ku Mchengautuwa. Anali mphunzitsi wovuta. Pa masamu, pamene ndinkadzitama, anandipeza ndi vuto lina: ndinkafuna kuwerengera chilichonse mpaka kumapeto monga timachitira muofesi, nthawi n'kumatha. Anandiphunzitsa kuyang'ana kaye mayankho asanu aja n'kutaya amene sangatheke, ndiponso kusiya funso louma m'malo molimbana nalo ngati ndili nalo chifukwa. Zinayamba kusintha, koma mantha sanachoke. Galimoto ikaima pamsewu, tonse awiri tinkakhala chete mpaka inyamuke.

Tsiku lina ndikutuluka, mayi wina anandiimitsa pa mpanda. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo: anali mkazi wa tcheyamani wa chipani m'deralo, ndipo nyumba yawo inali yoyang'anana ndi ya a Ziba. Anati wakhala akundiona, ndipo odwala enawo sazondedwa nthawi yaitali chonchi. Ndinaona pasipoti, mpando ndi nyumba zikupita limodzi.

Anayang'ana uku ndi uku, n'kunditsina pamkono. "Imwe mama, mulibe nzeru? Muzibwera mutavala yunifomu ya tchalitchi. Mukafika muziyamba ndi nyimbo, mokweza, kuti abambo kwathu azimva. A Zibawa anaphunzitsa mwana wanga woyamba."

Sanadikire kuti ndimuthokoze. Ine ndinafika kunyumba n'kugwada pafupi ndi bedi. Loweruka lotsatira ndinapita nditavala zoyera ndi duku, ndipo ndinaimba mokuwa moti a Ziba anati ngati mayeso akanakhala a nyimbo, akanandiuza kuti ndikalipiriretu chipinda chija cha ku Mzilawaingwe.

Mayeso analembedwera ku Blantyre. Padepoti achinyamata a chipani anaona kadi yanga ya chipani n'kundilola kukwera. M'chipinda cholembera anandipatsa desiki ya kutsogolo. Nditakweza maso, pakhoma pamwamba panga panali chithunzi chija cha mtsogoleri wa dziko chimene chinkapachikidwa muofesi iliyonse ndi m'sitolo iliyonse, chikundiyang'ana. Masamu anayenda. Titafika pa mbali ya kaganizidwe, funso lina linayamba ndi mawu akuti mtsogoleri wa dziko lina wanena kuti. Woyang'anira mayeso ankayenda pang'onopang'ono pafupi ndi ine, ndipo ndinamva ngati akuwerenga zimene ndikuganiza. Ndinayamba kale kufunafuna yankho laulemu. Pamenepo ndinapemphera mawu atatu okha, Ambuye ndigwireni dzanja, n'kuika chala pa dzina lija. Ndinawerenganso. Zonena zake zinali ndi bowo loonekeratu, ndipo ndinadetsa kabokosi koyenera chala changa chili pomwepo.

Masabata odikira zotsatira ndinkadzidzimuka foni ya muofesi ikangolira. Tsiku limene bwana anandiitana, ndinalowa nditakonzeka kufunsa kuti nyumba ndituluke liti. Anandigwira chanza. Sindinakhoze mopambana ayi, koma ndinadutsa mzere umene akunja aja ankafuna. Pasipoti nayo inatuluka. Ana anga sanasamuke m'nyumba ija. Mayi anabwera kuchokera kumudzi kudzakhala nawo.

Ndisanauze wina aliyense ndinathamangira ku Mchengautuwa, ndipo tsiku limenelo ndinaiwala yunifomu ndi nyimbo yomwe. A Ziba anandifunsa ngati chala chinagwira ntchito. Ndinati chinagwira, adada, yewo chomene. Anayang'ana miyendo yawo, kenaka anati ndisawathokoze kwambiri, chifukwa andiphunzitsa kuyenda ndi ndodo chabe. Anandipempha kuti ndizipempherera ana anga, kuti iwo adzawerenge mawu a wamkulu osaphimba dzina.

A Ziba anamwalira ine ndili kusukulu kunja, zinthu zisanasinthe m'dziko muno. Sindinaike nawo maliro awo, ndipo zimenezo zimandipwetekabe. Ndinamva kuti mkazi wa tcheyamani uja ndi amene anatsogolera amayi ophika pamaliropo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa lamwano lija n'kuliyankha ndi ntchito imene ndinkaikana. Inu amene mukukonzekera mayeso, kapena muli ndi china chimene chikukusowetsani tulo, musafooke, ndipo musafulumire kunena kuti mutu wanu ndi wakufa. Pitirizani kuyesa, pitirizani kupemphera, ndipo mukatumidwa kukhomo kumene ena akukuthawa, pitani. Lero ndili ndi mdzukulu wamkazi amene amatsutsa aliyense, aphunzitsi ake, a pawailesi, ngakhale ine agogo ake, mokweza, zenera lili lotsegula. Nthawi zina amandikwiyitsa ndithu. Koma ndikangotsegula pakamwa kuti ndimuuze atsitse mawu, ndimakumbukira pempho la a Ziba, ndipo ndimamusiya amalize. Ambuye alemekezeke.