A Nyendwa, Oyang'ana Baji Kumbuyo Kwake

Malemu amene tasonkhanila pano, bambo Titus Nyendwa, anabadwa pa 9 Malichi 1948 m'dela la mfumu Sandwe, boma la Petauke. Anali achitatu m'banja la bambo Jonas Nyendwa ndi amai Febby Sakala. Ine ndaima pano ndine Wiseman Daka, mwana wa mlongo wawo. Mundikhululukile ndikalakwitsa, tonse tatopa.

Sukulu anaiyamba kumudzi mu 1956, ndipo Sitandade 6 anamalizila kuno ku Petauke mu 1964. Atalima ndi makolo zaka zingapo, mu 1967 analembedwa upolisi ku Lusaka, n'kuikidwa m'gulu la okwela pa akavalo. Kwathu kuchigwa kashembe, ntchentche yoluma ija, salola kavalo kukhala moyo, choncho kavalo woyamba kumuona ndi maso ndi yemwe anauzidwa kuti amukwele.

Mphunzitsi wawo anali mzungu wokalamba, amene pa unyamata wake anali msilikali wa pa kavalo ku Mangalande. Mkuluyo anali ndi thabwa lodzaza mabaji, tizizindikilo tamkuwa ndi tasiliva timene asilikali a pa kavalo amavala pa chisoti ndi pa mkono. Ena anali a mikondo yopingasa, ena a chiwombankhanga, ena a chigaza ndi mafupa awili. Mtima wa malemu unakodwa pamenepo. Anaphunzila kuti baji saiweluza pankhope, amaitembenuza. Yeniyeni ndi yodinda ndi makina, ndipo chithunzi chakutsogolo chimaonekanso kumbuyo, cholowa m'kati, mizele yake yakuthwa. Yabodza amaiumba pothila mkuwa wosungunula mu mchenga, ndiye imakhala ndi timaenje ngati tomwe mvula yoyamba imasiya pa phulusa, ndiponso imachepako pang'ono poyelekeza ndi inzake. Ankayang'ana timphete takumbuyo tomangila baji pa chovala, momwe anatiwotchelela. Ankaona ngati chisoti chachifumu chili pamwamba pa bajiyo ndi cha mfumu kapena cha mfumukazi, ndiponso ngati chikugwilizana ndi zaka zimene wogulitsa akunena. Mabaji a pa mkono, amene asajeni ankavala pamwamba pa mizele yawo ya udindo, ankawafufuza tizidindo ta osula siliva.

Pa 12 Ogasiti 1972 anamanga ukwati ndi amai Jessy Mvula a kwa Mwape ku Nyimba. Mulungu anawapatsa ana asanu, woyamba Febian.

Mu 1993 kavalo anawagwetsa n'kuwathyola chiuno, ndipo anapuma pa upolisi. Analowa ntchito yoyesa mabaji m'sitolo ina ya zinthu zakale ku Lusaka, kumene osunga mabaji a m'maiko osiyanasiyana anadziwila dzina lawo. Atabwelela ku Petauke mu 2001, ntchito inawalondola. Timapaselo tinkabwela pa basi ya ku Chipata, pambuyo pake zithunzi pa foni. Ambili a inu munkawaona pakhonde, galasi lokuzila zinthu lili padiso. Akanena kuti iyi ndi yeniyeni, ogula ankakhazika mtima pansi.

Tsopano ndafika pamene banja likadakonda kudumpha. Koma malemu eni ake anandilamula kuti ndisadumphe.

Mwa ana onse, wotengela maso a bambo wake anali Febian, ndipo iwo anamuphunzitsa zonse osabisa kanthu. Atakula, Febian anatsegula malo owotchelela zitsulo ku Lusaka. Zinthu zitavuta, anayamba kuumba mabaji abodza, namawakwilila m'dothi la m'khola kuti aoneke akale. Popeza ankadziwa zimene oyesa amayang'ana, ake ankapusitsa anthu ambili.

Mu Juni 2009 wogula wina wa ku Joni anatumiza kuno mabaji a pa mkono kuti malemu awayese. Atangowatembenuza anadziwa kuti ndi abodza. Anadziwanso mwini ntchitoyo, pakuti kawotcheledwe ka timphete kanali komwe iwo anamusonyeza mwana wawo. Paseloyo inakhala pa kabati masiku ambili, iwo chakudya osachikhudza. Amai Jessy anawachondelela kuti angoibweza, anene kuti maso akuvuta. Malemu anayankha kuti, "Amake Febian, ndikakhala chete anena kuti ndavomela. Mailo wina adzagula chifukwa cha dzina langa." Anamuuza wogulayo kuti mabajiwo ndi abodza, ndipo sanatchule munthu. Koma wogulayo anapita kupolisi, nkhani inalondolezedwa mpaka pakhomo pa Febian, ndipo mu 2010 anaweluzidwa kukhala m'ndende zaka ziwili.

Achibale tinawatembenukila. Tinati ndi bambo wanji wopeleka mwana wake chifukwa cha kachitsulo. Ogula nawonso, poona kuti woyesa ndi woumba abodza onse ndi a Nyendwa, analeka kutumiza mapaselo. M'chaka chimodzi malemu anataya mwana, ntchito ndi abale. Sanadziteteze kwa aliyense. Mabuku awo a mabaji anawatsekela m'thilanki, n'kukalima mtedza ndi chiuno chopweteka chomwecho.

Febian atatuluka sanapondenso pakhomo pano. Amene anasenza mtolo wonse ndi amai Jessy. Zaka zoposa khumi anali pa mseu, Petauke, Nyimba, Luangwa, Lusaka, kunyamula ufa kupita nawo kwa mwana, kubwela ndi moni amene mwanayo sanawatume. Malemu ankadziwa kuti moniyo ndi wopeka, koma ankaulandila ndi manja awili.

Mu 2019 anapezeka ndi matenda a shuga. Mu 2021 maso anazima. Kuchokela apo kunali kulowa ndi kutuluka m'chipatala, mwendo kutupa, bala losapola, mankhwala lelo alipo mailo kulibe. Mu Novembala chaka chatha Febian anatsika basi ndi kachikwama kamodzi. Palibe amene anamuitana. Ndiye amene wakhala akuwasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwanyamula kupita nawo padzuwa. Ankacheza za feteleza, za mvula, za mpila. Nkhani ya mabaji sitinamve ikutuluka pakamwa pa aliyense wa iwo, ndipo ngati anapepesana, anapepesana ife kulibe.

Mwezi wathawu malemu anandiitana nati, "Wiseman, ukadzawelenga mbili yanga udzanene zonse, anthu aleke kunong'ona. Ukadzatha, mwana wanga amusiye. Walipila kale."

Anatisiya Lachiwili pa 14 Januwale 2025 m'chipatala cha boma kuno ku Petauke, ali ndi zaka 76.

Asiya akazi awo amai Jessy Mvula Nyendwa. Ana asanu, a Febian, a Rosemary, a Godwin, a Keziah ndi a Lillian. Adzukulu khumi ndi anayi. Ndi mlongo wawo mmodzi, amai anga.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, abusa ndi amai a chigwilizano amene agona pano kuyambila Lachiwili, apolisi opuma anzawo amene anyamula bokosi, adzukulu a kumanda, ndi abale a kwa Sandwe ndi kwa Mwape amene mwavutika ndi matope a m'njila.

Amalume, zimene munandituma ndanena, ndipo onse amva. A Febian, dzukani pamene mwakhala kumbuyoko, mubwele mukhale pafupi ndi amai anu.

A Nyendwa, munatopa kalekale. Gonani tsopano, mzimu wanu uuse mumtendele.