Yankho Langa Linali m'Chigafa cha Fodya

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ndi dzina la wabodza, ndiye imvani mmene Mulungu anandichotsera manyazi.

Ndimagwira ntchito mu labu, komwe timafufuza mankhwala a likodzo kuchokera ku zomera. Chaka china ndinatchola masamba a kamtengo kena m'mapiri a Ntchisi, ndipo atauma ndinawaviika, madzi ake anapha tinyongolotsi ta likodzo ine ndikuona pa maikulosikopu. Koma mabwana atati ndibwereze ndi masamba atsopano, tinyongolotsi tija tinkangosambira ngati ndatithirira thobwa. Kasanu konse, osatheka. Anayamba kunong'onezana kuti zotsatira zoyamba ndinachita kupeka, kenaka anandipatsa mwayi umodzi womaliza. Ndinalira, abale. Kutchalitchi pemphero langa linali limodzi basi: Ambuye, Inu munaona zimene ndinaona, ndiyankhulireni.

Ndinapita kukatcholanso, n'kukayanika masambawo padzuwa pa esiteti ina ya fodya ku Chisepo, komwe ndimafikira kwa alamu anga. Mayi Esinati, tenanti wochokera ku Mulanje, anandipeza ndikutembenuza, anagwira m'chiuno.

"Achimwene, mukuwotcheranji masambawa? Ulendo woyamba uja mvula inakupezani, si tinakusokerani ngati fodya n'kupachika m'chigafa? Tsamba la padzuwa limatha mphamvu, ife fodya sitiyanika chonchi."

Ndinakhala pansi pomwepo. M'buku langa ndinangolemba kuti masamba ouma, osalemba kuti aumira pati, ndipo maulendo asanu aja ndinkayanika padzuwa. Sukulu yonse ija, mthunzi wokha n'kundiphonya!

Tinatchola ena, mayiwo anasoka ndi manja awo, anaumira m'chigafa. Tsiku loyesa, mabwana onse anaima kumbuyo kwanga. Tinyongolotsi tija tinayamba kufooka, kamodzikamodzi, mpaka tonse zii.  Amene anabisa mphamvu m'tsamba la kuthengo ndi Yemweyo anasungitsa chinsinsi chake kwa mayi wosoka fodya, anatumanso mvula ine ndisanadziwe kuti ndidzaifuna.

Mankhwalawa sanafike pomwa anthu, choncho wodwala likodzo apite kuchipatala, asathamangire kuphiri. Koma inu amene mukunenedwa zimene simunachite, musaleke kupemphera, ndipo musanyoze pakamwa pamene yankho lingatulukire. Ndikuthokoza Mulungu, chifukwa tsiku loyesa lija bwana amene anandikayikira kwambiri anandigwira dzanja pamaso pa onse, nati, "Pepani, munkanena zoona."