Mashelefu Awiri a Mayi Alufandika

A Wapampando a komiti ya laibulale yathu ino ya ku Ndirande, Bambo Mfumu, akubanja la a Alufandika, anzanga a pantchito, takulandirani. Ndine Dennis. Muno mulibe munthu amene Mayi Ethel anamukalipira kuposa ine.

Sabata yanga yoyamba kunabwera makatoni a mabuku. Pachikuto pena mfiti, pena mzukwa. Ndinangowaunjika pashelefu imodzi. Mayi analowa, magalasi ali pamphuno.

"Dennis, wachita chiyani apa?"

"Mayi, onsewa si a mizukwa?"

Iwo amvekere, "Tamvera. Ili, mfiti zasokoneza tauni, mtsikana akuzisaka mumsika ndi m'maminibasi. Chotsamo chibwenzi, nkhani ikuyendabe. Koma ili, mtsikana wakondana ndi mzukwa. Chotsamo chikondi, watsala ndi chikuto chokha. Lachikondili limatha awiriwo ali limodzi. Linalo silikulonjeza kanthu."

Tsiku limenelo nkhomaliro sindinailawe. Mumtima ndinkati, amayi awa ndi ovuta!

Ndinadzamvetsa itadutsa mphepo ya Freddy. Kunabwera a Chisoni a ku Chilobwe. Matope anali atawatengera amuna awo. Anati, "Ndipatseni buku lililonse, mutu wanga upumeko." Ine ndinatola la mfiti za m'tauni. Mayi anandigwira dzanja, n'kundinong'oneza, "Limenelo ayi. Mwamuna amafa pakati, sabweranso." Anawapatsa la pashelefu inayo.

Patapita masiku atatu a Chisoni anabweranso, maso ali psuu. Ndinachita mantha kuti tawapweteka. Iwo anangofunsa, "Lilipo lina?"

Anamaliza shelefu yonse. Lero ndiwo akutsogolera gulu la amayi owerenga Loweruka lililonse, amayi makumi anayi. Si awo akhala kumbuyoko, akupukuta misozi?

Mayi, zaka makumi atatu ndi chimodzi simunapereke buku lomwe inu simunaliwerenge. Munkadziwa mabuku, munkadziwanso anthu a ku Ndirande, aliyense ndi bala lake. Ife timanyadira tikamanena kuti tinaphunzira ntchito m'manja mwanu. Zikomo.

Kapumeni ku Machinjiri. Adzukulu inu, agogo anu tabweza amoyo, muwasamale. Tsopano tonse tiimirire. Manja awa asamveke muno mokha, akamveke mpaka pamwamba pa phiri. Manja kwa Mayi Ethel!