Mphete Yomwe Ndinagulitsa Nditavala Zakuda

Aulutsi, ndine mayi wamasiye wa kufupi ndi Jenda. Amuna anga atamwalira, ndinapita ku Mzimba Boma kukagulitsa mphete ya mwala wa safaya yomwe anandiveka pa chinkhoswe. Ndinali ndisanavule zakuda.

Bambo wina yemwe anabwera pa njinga yamoto anati akuifunira chibwenzi chake, koma anatchula mtengo wochepa. Nditakana, anayang'anitsitsa zovala zanga.

"Pepani chomene, mama. Ndiye kuti pakhomo mwatsala nokha? Kaganizeni bwino, ndibwera konko mawa. Mumatsikira pati?"

Ndinavula mphete ija n'kulandira ndalama zochepazo pomwepo, kuti asadziwe njira ya kwathu.

Amayi anzanga, musapite nokha kokagulitsa chinthu chodula musanavule zakuda. Ine mpaka lero, njinga yamoto ikaima kumsewu, ndimathamangira kukatseka chitseko.