Ndinawerenga Zala Zisanu

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ambiri mukundidziwa. Ndine Zuze wa kwa Tengani, uja anathawa sukulu ya mishoni ataswera mnzake sileti pamutu. Musaseke, ndi ine ndithu.

Ine pepala sindinkalikhulupirira. Malume anga anadinda chala papepala nthawi ya nkhondo, n'kutengedwa kukasenza katundu wa asilikali. Manda awo sitinawaone mpaka lero. Umwini mbumba unandigwera ndili wamng'ono, ndi mtima wanga wapachalawu.

Tsiku lina ng'ona inagwira mlongo wanga Esinati akutunga madzi padooko. Amayi anzake anaimenya ndi mitengo mpaka inamusiya, koma kuyambira pabondo kutsika mwendo unali utatafunidwa. Tinamangapo masamba masiku anayi. Unayamba kununkha. M'pamene tinamukweza m'mwadiya, bwato lathu, kupita kuchipatala cha mishoni.

Dokotala wachizungu anauyang'ana, n'kulankhula ndi bambo Semba, womanga mabala amene ankamasuliranso. Akuti mwendo udulidwe. Kenako ndinaona pepala ndi inki.

Abale, magazi anandiwira. Kumudzi tinkamva kuti ziwalo zodulidwa amazikweza m'sitima ya pamtsinje kukapangira mankhwala. Ndinati palibe kudula, mwini mbumba ndine. Bambo Semba anayankha mofatsa: "Mbumba ndi yanu, koma mwendo ndi wake. Dokotala akufuna kumva kuchokera pakamwa pake."

Anandipempha nditulukeko kaye kuti mlongo wanga alankhule momasuka. Ndinati mumtima, mwaona, chinyengo chayambika. Ndinakaima pansi pa windo n'kutchera khutu. Esinati anafunsa ngati akhala ndi moyo akamudula. Dokotala anati sangalonjeze, ena amatsirizika pompo. Koma akapanda kudula, masiku ake ndi owerengeka. Anati amugoneka ndi mankhwala, samva mpeni. Anatinso akakana samuthamangitsa, bala azimutsukabe. Kenako Esinati ananong'oneza bambo Semba china chake chimene sindinachimve.

Ine ndinati ndi nyambo imeneyi, ndine msodzi, ndikuidziwa. Ndinakankha chitseko, ndinang'amba pepala, ndinakankha bambo Semba mpaka anagwera pabeseni. Ndinanyamula mlongo wanga kuti tizibwerera kumwadiya. Thupi lake linkatentha ngati phale.

Esinati anali asananditsutsepo chibadwire. Tsiku limenelo anandigwira khosi la malaya. "Achimwene, nditsitseni. Malume anadinda asanauzidwe kumene akupita. Ine andiuza zonse, za imfa zomwe. Nditsitseni."

Ndinamutsitsa. Manyazi, abale, manyazi.

Bambo Semba, mlomo ukutuluka magazi, analemba pepala lina. Analiwerenga mokweza kawiri m'Chimang'anja, n'kumufunsanso ngati akuvomera. Anavomera. Anadinda chala chake, palibe anamugwira dzanja.

Koma musaganize kuti ndinali nditasintha. Ndinati mwendowo ndikuufuna, usakwere sitima. Mukudziwa chimene bambo Semba anachita? Anatembenukira kwa Esinati kumufunsa ngati andipatse. Ngakhale zimenezo anafunsa mwiniwake.

Ndinakhala pakhomo, maso pachitseko, kuti pasatuluke kanthu ine osaona. Dzuwa litapendeka anandibweretsera atakulunga m'nsalu. Ndinamasula pomwepo. Ndinawerenga zala. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Chipsera cha khasu chimene anadzitema tili ana chinalipo. Palibe chinasowa. Ndinalira ngati mwana. Ndinati Mulungu, ndikanamuphera m'mwadiya mlongo wanga ndikuti ndikumuteteza. Mundikhululukire.

Mwendowo ndinakauika kumanda a kwathu. Esinati ali moyo. Ndi uyo wakhala kumbali ya amayi, ndodo ya tsanya ili pambali pake, ndinasema ndine. Amaluka mphasa, thonje amasankha atakhala pansi, ndipo masiku ano amanditsutsa tsiku lililonse.

Ndinapita ndi nkhuku kukapepesa kwa bambo Semba. Analandira. Ndinawafunsa mochenjera kuti chija Esinati anawanong'oneza ine ndili pawindo n'chiyani. Anaseka n'kunena kuti zimenezo n'zake. Mpaka lero sindikudziwa, ndipo zimandiyabwabe.

Mtima wapachala sunathe, muzindipempherera. Pepala ndimalikayikirabe. N'chifukwa chake masana mumandiona pabenchi ndi ana, ndevu zili pepepe, ndikuphunziranso kuwerenga. Sileti ya panopa sindinaswe.

Takhuta, tathokoza, Ambuye. Amen.