Ndinatsikira M'manda a Mukhova

Abale ndi alongo, ine ndine Yakobo Muhiwa. Achikulire ena muno mukundidziwa bwino, ndipo ndikuona amayi ena ayamba kugwiritsitsa timipango tawo. Musaope. Munthu uja anafa.

Ndinabwera kuno ndi makolo anga tikuthawa ulamuliro wa Apwitikizi. Ndinakulira m'munda wa tiyi, dengu kumsana, kapitawo kumbuyo. Mtima wanga unali wowawa. Ndinkauthira kachasu kuti uzizire, koma unkangoyaka.

Ndi pamene ndinakumana ndi Mukhova. Kuyambira kwa Goliati mpaka kwa Nchilamwela, mwana akavuta ankamuopseza ndi dzina limeneli. Iyeyu ndiye anathyola banki ina ku Limbe dzuwa likuswa mtengo, n'kutulukamo akuimba mluzu. Anali ndi mphini pachifuwa, ndipo ankati chipolopolo chikamuona chimasanduka madzi. Ine anangonditemera ziwiri zokha, basi, ndinayamba kuyenda ngati tambala.

Ntchito yathu inali kudikirira bokosi la malipiro a antchito. Linkachokera ku banki pa sitima, ndipo amtengatenga awiri ankalinyamula pamtengo kuchokera pa Luchenza kupita nalo ku esiteti. Tsiku lina tinawatchingira pamtsinje, nkhope titaphimba ndi nsanza. Mmodzi anathawa. Winayo, a Samisoni, mkulu wa mpingo, anakakamira mtengowo. Ndinawakalipira kuti asiye, koma sanasiye. Ndinawamenya ndi chibonga mpaka dzanja linathyoka. Mwezi umenewo ana a antchito m'malaini a pa esiteti anagona ndi njala, ine ndikudya nkhuku.

Sipanapite nthawi, apolisi anamupeza Mukhova m'nkhalango ya paphiri. Chipolopolo sichinasanduke madzi. Ine ndinali nditapita kukagula fodya, ndiye kupulumuka kwanga. Panalibe wodziwa kuti ndinali mnzake. Tero ndinkaganiza.

Mtembo anabwera nawo kumudzi, n'kuugoneka pansi pa mtengo wa mbawa kuti aliyense aone. Mwambo wathu mukuudziwa: manda amakumba ndi adzukulu, ndipo mmodzi wa iwo amatsikira m'dzenje kukalandira maliro. Koma adzukulu anakana. Ankaopa mankhwala ake. Ankaopanso apolisi awiri amene anaima pambali kuti aone amene alire, poti wolirayo ndiye mnzake. Dzuwa linafika pamutu, ntchentche zili ng'waa. Ine ndinali pakati pa anthu, ndikuseka nawo, koma m'kati ndikufa.

Kenaka kunatulukira a Samisoni, khasu paphewa, dzanja lija litapindika. Anthu anati, "Abambo, mwaiwala amene anakupundulani?"

Iwo anati, "Sindinaiwale ayi. Koma uyu ndi mwana wa munthu, si galu."

Anakumba okha, kupumira pumira, thukuta lili kamukamu. Amuna awiri a mpingo anachita manyazi n'kuwalandira khasu, koma zolowa m'dzenje anakanitsitsa. A Samisoni anatiyang'ana tonse. "Ndikufuna munthu mmodzi atsike alandire mnzathuyu. Ine dzanja silindilola."



Ndinadziwa kuti ndikangosuntha phazi, ndende ikundidikira, mwinanso chingwe. Ndinadziwanso kuti ndikakhala chete, tsiku lina ndidzagona pansi pa mtengo ngati yemweyu, popanda wondilandira. Ndinatsika.

Mtembo utafika m'manja mwanga, ndinalira mokweza, mudzi wonse ukumva. Ndinati, "Abambo a Samisoni, dzanja lanulo ndinathyola ndine."

Iwo anawerama. "Ndinakudziwa tsiku lomwelo, Muhiwa. Nkhope unaphimba, koma mawu sunaphimbe. M'mawa uliwonse ndakhala ndikukutchula kwa Ambuye. Gwira apa."

Dzanja labwino anatsamira nalo khasu. Anandipatsa lopindikalo.

Abale, ndinaligwira mosamala ngati dzira, ndipo ndi pomwepo pamene ndinamudziwa Yesu. Ndinali ndisanamvepo ulaliki mpaka kumapeto, koma tsiku limenelo ndinamvetsa kuti Iye amapereka dzanja lomwelo limene tinaliboola.

Apolisi anandimanga pamanda pomwepo. Ndinapita ku ndende ya ku Zomba ndikuimba, mpaka wapolisi wina anandifunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Zaka zinali zambiri, ntchito inali yakalavula gaga, koma tulo tokoma chotero ndinali ndisanagonepo. M'menemo ndinaphunzira kuwerenga Mawu. Nditatuluka ndinabatizidwa, a Samisoni ataima m'mbali mwa madzi akuwomba m'manja mmene akanathera.

Mukhova ndimamulirabe. Analibe nthawi yolapa. Ine ndinapatsidwa, osati chifukwa ndinali wabwinoko, koma chifukwa cha chifundo. Alemekezeke Mulungu amene satopa ndi mbava! Aleluya!

Tsono iwe mbale wanga, iwe mlongo wanga, uli ndi chinthu chimene wachibisa zaka zonsezi, ndipo ukuganiza kuti palibe akudziwa. Ambuye anakudziwa tsiku lomwelo, ndipo sanakutaye. Nyamuka pamene wakhalapo. Bwera kutsogolo kuno, tipemphere limodzi.